Kanyumba ka Batire ka a Yotamu

Ndikanama pano, mphenzi inding'ambe pakati dzuwa likuswa mtengo chonchi! Liwu lililonse limene lituluke m'kamwa muno ndi loona, ndipo wokayika apite kumanda akafunse malemu mayi anga ngati anaberekapo mwana wabodza. Ine Binisoni Kachigamba, munthu amene mphenzi inandimenya kawiri n'kuchoka yokha ikutsimphina, ndinganamize ana ngati inu kuti ndipezepo chiyani? Tsamiritsani njinga zanuzo pamtengopo, dzuwa ili palibe akwere kabaza. Pali mwambi wina umene mumangoutafuna ngati chingamu osadziwa kumene unachokera. Sindiutchula tsopano ayi. Nzimbe amayambira kunsonga kuti atsirizire kotsekemera. Gwero lake ndi ili.

Kwathu kwa Chimbalanga, kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi, kunali mkamwini wina dzina lake a Yotamu Chimkwende. Anachokera ku Kasungu kudzakwatira msuweni wanga Nachisale. Munthuyo sanali wakuba, sanali womenya mkazi, ngakhale mowa ankamwa wa ulemu. Matenda ake anali amodzi: sankalola kuti munthu amalize kumuuza chinthu. Ukangotsegula pakamwa, iwo alumphira kale, “Ndadziwa kale.” Uwauze kuti buluku lang'ambika kumbuyo, ndadziwa kale. Tsiku lina ndinawayesa dala. Ndinati, “A Yotamu, mwamva kuti ng'ona yakwera basi pa Mponela?” Iwo osaphethira n'komwe: “Ndadziwa kale, inakhala mpando wakutsogolo.”

Tsono mumve za nyumba, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Nyumba imene ankakhala inali ya Nachisale. Mayi ameneyu anaimanga ndi mtedza, zaka zisanu ndi zinayi. Njerwa anaumba yekha, madzi anasenza yekha mpaka tsitsi la pakati pamutu linasosoka. Akakolola, ankagula malata awiri kapena atatu n'kuwalowetsa pansi pa bedi, chaka chinacho chimodzimodzi. Nsapato sankazidziwa. Itatha, inali nyumba ya zipinda zitatu, mawindo agalasi, siling'i ya mphasa zatsopano zosokedwa bwino. A Yotamu ntchito yawo pa nyumbayo inali kuima manja kumbuyo n'kumauza mmisiri kuti chingwe chapendama.

Magetsi a mapolo kwathu sanafike, ndipo mwina adzafika ine nditasanduka chulu. Koma Nachisale anali ndi mng'ono wake, Esinati, mayi wa ana awiri amene anakaphunzira zamagetsi ku Lilongwe. Ankayenda pa njinga yamoto ndi chikwama cha zida kumbuyo, kuika sola m'nyumba za anthu. Nyumba itatha, Esinati anabwera ndi mphatso: panelo yaikulu ngati chitseko, batire lolemera ngati mwana wa ng'ombe, mawaya onenepa, mababu anayi. Anagwira ntchito masiku awiri. Waya aliyense anamuyendetsa m'kapaipi, polumikiza paliponse anamanga ndi sikulu, osati kupota. Batire analiika pakhonde lakuseri m'bokosi lamatabwa lokhala ndi mipata yopitira mphepo. Atamaliza anaitana mwini banja.

“Alamu, bwerani muone, pakuti otsala nazo ndinu. Waya wofiirayu ndi wakudayu ali ngati mkamwini ndi apongozi ake aakazi. Amakhala mudzi umodzi, koma sakhudzana. Akangokhudzana, ndi moto.”

“Ndadziwa kale.”

“Chabwino. Kabokosi aka ndi kontilola, nkhoswe ya pakati pa dzuwa ndi batire. Batire likakhuta, kamaletsa dzuwa kuti lisapitirize kulidyetsa. Likayamba njala, kamathimitsa zinthu m'nyumba kuti lisafe. Kakathimitsa, musakangane nako.”

“Ndadziwa kale.”

“Nanga iyi mwaidziwanso? Tanenani.”

A Yotamu anayang'ana kanthu kakang'ono kamene kanali pa waya wofiira pafupi ndi batire, n'kutsokomola.

“Ndi fyuzi, alamu,” anatero Esinati. “Ntchito yake ndi kufa. Zinthu zikalakwika imapsa iyoyo kuti nyumba isapse. Ikapsa, musathamangire kuika ina, yambani mwafunsa chimene yafera. Iyi ndi swichi yaikulu. Mukamva fungo lachilendo, thimitsani apa, mafunso pambuyo. Batire lizipuma mphepo, ndipo mwezi uliwonse muzisuzumira madzi ake.”

“Iwe mlamu,” anatero a Yotamu, “ine magetsi ndinawagwira iwe usanamere mano. Pa esiteti ya fodya ku Kasungu woyatsa jenereta ndinali ine.”

“Ee, tinamva. Amati munkanyamula chigubu cha mafuta.”

Anthu anaseka, a Yotamu nawo anaseka ndi mano okha. Nachisale sanaseke. Anadikira kuti mng'ono wake alize njinga, ndipo pamaso panga anati, “Bambo a Sitela, ndikupempheni chinthu chimodzi. Wailesi onongani, njinga onongani. Koma nyumba yangayi musandiseweretsere.”

Yankho lake mukulidziwa.

Miyezi itatu zinthu zinayenda bwino. Usiku nyumba ija inkawala moti ndege zinkasokera, kuyesa kuti zafika pa bwalo la ndege la ku Lumbadzi. A Yotamu anagula wailesi ya kanema yakale, ndipo Loweruka lililonse masana ife amuna tinkadzaza pabalaza kuonera mpira. Kenaka inafika Juni, mitambo yokhayokha sabata yathunthu, dzuwa osaoneka. Loweruka limenelo timu ya a Yotamu inapatsidwa penate. Womenya uja akubwerera m'mbuyo kuti athamange, kabokosi kaja kanalira kuti tswii, kanema n'kuti psiti.

Ndiye a Gwedeza, mnzawo wa pabawo, munthu wa lilime ngati lumo, anati, “Pepani a Chimkwende. Ife timayesa kuti mkamwini amalamulidwa ndi akazi okha. Kani mpaka kabokosi?”

Mawu amenewo ndi amene anaotcha nyumba, moto unangobwera kudzamaliza. M'mawa mwake a Yotamu anatenga mpeni n'kuchotsa kabokosi kaja, waya wa panelo n'kumulumikiza pa batire mwachindunji. Kabokosiko anakaika pansi pa mwendo wa bedi umene unali waufupi. Nachisale atafunsa, anati, “Kanali kakuba magetsi. Dzuwa ndi la Mulungu, batire ndi langa, pakati pafunikanji nkhoswe?”

Ndipo zinaonekadi ngati apambana. Kanema sanazimenso. Munthu wopusa zikamuyendera kamodzi, ana inu, ndiye kuti manda ake ayamba kukumbidwa.

Tsopano a Gwedeza anati pa chisakasa cha bawo pakufunika babu ndi sipika ya nyimbo. Chisakasacho chinali kutali ndi nyumba ngati apa ndi pa chigayo paja. Waya wonenepa analibe, choncho a Yotamu anayendayenda m'mudzi kutolera zidutswa: wa wailesi yakufa, wa tochi, wa belu la njinga, wina woonda ngati ulusi wosokera zigamba. Ankasenda ndi mano, kupota ndi zala, n'kukulunga ndi timizere ta majumbo. Ndinawerenga ndekha mfundo mazana atatu ndi imodzi. Atalumikiza, fyuzi inati thu.

Anaika ina mwa zitatu zimene Esinati anasiya. Thu. Anaika yachiwiri. Thu. Yachitatu anayamba aithira malovu kuti ilimbe mtima. Thu.

Ine ndinati, “A Yotamu, paja mlamu wanu anati ikapsa muzifunsa chimene...”

“Ndadziwa kale chimene yafera. Ndi ulesi. Zinthu za masiku ano n'zofooka ngati ana a m'tauni.”

Anapita pa khola la mbuzi, kuzula msomali wa mainchesi anayi, n'kuukhomera pamene panali fyuzi. Nyimbo zinalira pabawo. Swichi yaikulu ija nayo anaichotsa n'kukaiika pa chisakasa kuti a Gwedeza asamavutike poyatsa babu. Pamene anachotsa swichipo, pafupi penipeni ndi batire, anapota waya wofiira payekha, wakuda payekha, n'kuwamanga onse awiri pamodzi ndi jumbo limodzi la shuga kuti pazioneka mwaudongo. Ife tinawomba m'manja. Inenso ndinawomba, koma mumtima ndinkatsutsa kwambiri.

Woyamba kuona kuti zinthu zaipa anali Nachisale. Akusesa pakhonde anakhudza waya n'kufuula.

“Bambo a Sitela, wayayu akutentha ngati mbatata yootcha!”

“Nanga ukufuna azizizira? Chozizira ndi mtembo. Chamoyo chimatentha.”

“Batire nalo likulira ngati mphika wa nyemba.”

“Likugwira ntchito. Iwe ukamalima sutuluka thukuta?”

Nachisale anaponya tsache pansi. Anakwera pachulu pamene timagwirira netiweki n'kuimbira mng'ono wake. Esinati nthawi imeneyo anali ku Nsanje, kumene anali ndi ntchito ya miyezi iwiri. Atamva za msomali, akuti anakuwa moti achemwali ake anachotsa foni kukhutu. Anati, “Achemwali, tengani sipanala lero lomwe, mumasule waya wakuda pa batire. Khalani mumdima mpaka ndibwere. Mdima sunaphepo munthu.”

Nachisale anabwereka sipanala kwa wokonza njinga. Wangogwada pa batire paja, a Yotamu anatulukira.

“Ukutani?”

“Esinati wati ndimasule.”

“Esinati! M'nyumba muno mwamuna ndi Esinati?”

“M'nyumba muno mwini wake ndine, bambo a Sitela. Ndinakupemphani.”

A Yotamu analanda sipanala ija, ndipo tsiku lonse sanadye. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, chibwano m'manja, kuganiza. Ndikukuuzani, munthu wopusa akakhala chete n'kumaganiza, samutsani ana. Mwatsoka, sabata yomweyo kunamveka kuti akuba aba batire pa tchalitchi cha kutsidya. A Yotamu anadzuka pansi pa mango paja nkhope ikuwala.

Analengeza kuti amanga kanyumba koteteza batire kwa akuba. Anatenga matumba anayi a simenti amene Nachisale ankasunga kuti adzazirire pansi m'chipinda chochezera, iye atapita kumaliro kwa masiku atatu. Anasuntha batire n'kuligunditsa kukhoma lakuseri, kubowola khomalo, n'kulowetsa mawaya onse m'nyumba kudzera pabowopo kuti panja pasaoneke waya ngakhale mmodzi woti munthu n'kudula. Kenaka anayamba kumanga molizungulira. Njerwa ziwiriziwiri, simenti yosasakaniza bwino ndi mchenga, yokhayokha ngati akumanga damu. Ine ndinathandizako kutunga madzi, poti munthu sukana mnansi.

Khoma litafika m'chiuno ndinafunsa, “A Yotamu, khomo likhala mbali iti?”

“Khomo la chiyani? Wakuba amalowera pati?”

“Pakhomo.”

“Basi. Ukachotsa khomo wachotsa wakuba. Anthu a sukulu zimenezi sangaziganize.”

“Nanga madzi a batire muzithira bwanji?”

“Mlambe amauthirira ndani? Umasunga wokha madzi ake.”

“Nanga mphepo? Paja anati lizipuma.”

“A Kachigamba, munaliona batire lili ndi mphuno?”

Pamwamba anaumba chisilabu cha konkire chokhala ndi zitsulo za bedi lakale m'kati. Tinachinyamula amuna khumi ndi awiri, ine ndekha mbali imodzi, enawo mbali inayo. Chitakhala, anamata m'mbali monse osasiya ngakhale polowa nyerere. Kenaka anandikokera pambali n'kundinong'oneza, “Akuba ndi nkhani chabe. Ndione tsopano pamene alowetse sipanala yawo akazi awiri aja.”

Nachisale atabwerako kumaliro anaima n'kuyang'ana kanyumbako nthawi yaitali. Anayang'ananso pamene panali simenti yake. Anakalowa kuchipinda chakuseri, kumene kunali matumba makumi awiri a mtedza wa chaka chimenecho, n'kuyesa kuwakoka kuti atalikane ndi bowo la mawaya lija. A Yotamu anati matumbawo akubisa bowo kwa akuba, n'kuwabwezera pomwepo.

Inafika Okutobala. Inu mumati dzuwa la lero likutentha? Chaka chimenecho nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale. Panelo ija inkamwa dzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo n'kumalitsanulira lonse m'batire, popanda woletsa, ndipo batirelo lili m'ndende yopanda mphepo.

Esinati anafika Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, fumbi la ku Nsanje lidakali m'nsidze. Sanalonjere munthu. Anazungulira kuseri, n'kuima. Anazungulira kanyumba kaja mbali zonse zitatu.

“Alamu, batire lili kuti?”

“Lili m'katimo, pabwino.”

“Khomo?”

“Ndiwe wa sukulu, lipeze.”

Esinati anagunditsa dzanja pakhoma la kanyumbako n'kulichotsa msanga. Anaweramira pansi n'kununkhiza. Ife tonse tinali titamva kale fungo ngati la mazira owola, koma a Yotamu anali atatiuza kuti ndi nkhuku ya a Gwedeza yaikira patchire.

“Alamu, sindikuseka. Batire likuwira, ndipo mpweya umene likutulutsa umayaka. Bweretsani hamala tiswe khomali pang'onopang'ono kuchokera pansi. Wina andipatse makwerero ndikaphimbe panelo.”

“Makwerero ndinabwereketsa,” anatero a Yotamu. Ankanama, anali atawabisa m'munda wa chinangwa.

“Achemwali, tulutsani katundu m'nyumba! Alamu, hamala!”

A Yotamu anakwera pa chisilabu paja n'kukhala, miyendo lende, manja atapinda pachifuwa. “Woswa kanyumba aka ayambe waswa ine. Simenti yanga, nzeru zanga. Wachita nsanje chifukwa sunaganize ndiwe.”

“Simenti yake ya yani?” anafunsa Nachisale ali pakhomo ndi mtolo wa zofunda.

Chisilabucho chinali chikutentha ngati chiwaya cha tchipisi. Tonse tinkaona a Yotamu akusinthanitsa matako, ili likapsa aika linali, thukuta lili chuchuchu, koma kutsika ayi. A Gwedeza anafunsa, “Muli bwino pamenepo, a Chimkwende?” Iwo anati, “Kamphepo kake ka pano!”

Esinati anathamangira m'nyumba ndi pulayala n'kudula mawaya onse amene anawaona. Nyimbo za pabawo zinaleka. Anatuluka akutsokomola, maso ali psuu.

“Ndadula, koma sizithandiza! Vuto lili m'kati mwa kanyumbamo. Jumbo lasungunuka, mkamwini wagwira apongozi! Fyuzi ikanapsa, koma msomali supsa. Swichi ili kuti?”

“Ili pabawo,” anatero a Gwedeza ndi mawu aang'ono.

Pamenepo utsi unayamba kutuluka pawindo la chipinda chakuseri. Moto sunapeze khomo lotulukira panja, ndiye unatsata mawaya, kudutsa pabowo lija, n'kukapeza matumba a mtedza ataugonera. Inu mukudziwa mmene mtedza umayakira. Uli ndi mafuta ake ake. Kuchoka pa matumba unalumphira ku siling'i ya mphasa, ndipo mphasa zouma mu Okutobala sizifunsa kawiri.

Tinathamanga ndi mahamala, mapiki, misi ya mtondo. Ine ndekha ndinathyola mahamala atatu pakhoma la kanyumba kaja, ndipo sipanagwe ngakhale kambenu. Esinati anatikoka malaya. “Chokanipo, mochedwa! Liphulika! Alamu, tsikani!”

“Ndadziwa ka...”

Diii!

Phokoso limenelo linamveka mpaka ku Mozambiki, asilikali a kumeneko anagona pansi. Chisilabu chija chinanyamuka ndi a Yotamu ali pomwepo. Anakwera, anakwera, mpaka anaona kwawo ku Kasungu, mayi awo akuyanika ufa pabwalo, ndipo mayiwo anakweza mutu n'kufunsa kuti, “Wabwera ndi shuga?” Kenaka chisilabu chinatsika n'kudzakhala pamalo pake penipeni, khaa, ngati chivundikiro cha poto. A Yotamu anagwera mu khola la nkhumba, amoyo, buluku lilibe kumbuyo.

Izo mukhoza kuseka. Zotsalazi sizoseketsa.

Mjigo wathu uli kutsidya kwa dambo, ndipo mwezi umenewo unkatulutsa madzi ngati misozi ya mfiti. Azimayi anathamanga ndi ndowa, pofika nazo denga linali litagwira kale. Esinati anatiletsa kuthira madzi ku batire, anati mchenga, ndiye tinkakumba ndi manja n'kumaponya. Zinali ngati kulavulira ng'anjo ya njerwa. Magalasi a mawindo anasweka limodzilimodzi. Malata aja, amene anagona pansi pa bedi zaka zisanu ndi zinayi kudikira tsiku lawo, anapindika ngati masamba a mfutso n'kugwera m'kati. Fungo la mtedza wokazinga linafika ku Dowa, ndipo ana a midzi ina anabwera akuthamanga ndi mchere m'manja, kuyesa kuti kuli phwando.

Dzuwa lisanapendeke, nyumba inali itatha. Kunatsala makoma akuda, ong'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Zimene zinapulumuka ndi mtolo wa zofunda uja, mpando umodzi, ndi sefa. Mbewu ya chaka chamawa inali m'matumba momwemo.

Nachisale anakhala pa mtondo wogubuduzika, sefa ili pamiyendo. Sanalire. Azimayi anzake ankalira m'malo mwake, iye akungoyang'ana phulusa. Esinati anakhala pansi pambali pake, manja atapsa, akungobwereza kuti, “Ndikanadziwa sindikanabweretsa, achemwali.” Nachisale anati, “Iwe unabweretsa kuwala. Khala chete.”

Pakati pa zonsezo, kanyumba ka batire kanali chiimire. Kakuda ndi mwaye, koma kopanda mng'alu ngakhale umodzi.

A Yotamu anatuluka m'khola atadzikulunga chitenje cha munthu wina. Anayenda motsimphina, anthu n'kumawapatukira. Anafika pa kanyumba kaja, kukagogoda ndi chala, kukayang'ana uku ndi uku. Munthu wanzeru akanagwada pamaso pa mkazi wake. Iwo anatembenuka n'kunena kuti:

“Komabe anthuni, tinene zoona. Taonani ntchito. Ngakhale mng'alu! Ndipo batire lija wakuba sanalikhudze.”

Mtedza unali ukuthethekabe m'phulusa.

Atsibweni ake a Nachisale, a Sandalamu, amene ndiwo anali mwini mbumba, anadzuka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anali munthu wosakonda mawu ambiri. Anati, “A Chimkwende, tinakupatsani mwana wathu, tinakupatsani munda, tinakupatsani malo. Mwatibwezera phulusa. Ankhoswe anu tiwaitana mawa, koma kuti muyambe kumanga katundu, ngati mwatsala naye, dziwani kuti m'mudzi muno...”

“Ndadziwa kale,” anatero a Yotamu. Sanafune kutero ayi, ndinaona ndi maso anga akuyesa kutseka pakamwa ndi dzanja. Mawuwo anangotuluka okha ngati ntchentche m'chimbudzi.

Anyamata ena anatola njerwa. Nachisale anakweza dzanja.

“Asiyeni. Atsibweni, musawathamangitse lero, anthu angati ndife oipa mtima. Mwamuna sagona panja ali ndi nyumba yake.” Anadzuka, n'kuyenda mpaka pamene panali a Yotamu. Analankhula mofatsa, mwaulemu wonse, ngati akuwapatsa madzi osamba. “Bambo a Sitela, yanga ija mwaotcha. Ndinamanga zaka zisanu ndi zinayi, inu mwaimaliza pa ola limodzi, ndinu amphamvu. Koma yanu ndi iyi, yatsala yabwinobwino. Lowani mupumule, mwatopa.”

Ndipo ana inu, munthu uja mutu unali utasokonekera ndi kuuluka kuja. Anamvera. Anapita pa kanyumba kaja n'kuyamba kupapasa khoma. Anapapasa mbali iyi, anazungulira mbali inayo, anabwereranso, chitenje chikukwekwereka m'phulusa, mudzi wonse ukumuyang'ana. Palibe anaseka mokweza. Kunangomveka kuseka kwa m'mphuno, kuja amaseka anthu pamaliro a munthu amene anadzipha yekha ndi uchitsiru.

Nachisale anatola sefa yake, kuikutumula phulusa, n'kutembenukira kwa azimayi anzake. Mpaka lero mayi ameneyo amagona m'khitchini ya udzu, msana unatha, sangaumbenso njerwa. Koma mawu amene ananena pamenepo ndi amene munawatola inu osadziwa mwini wake. Anati:

“Mwaonatu, anzanga. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.”

Ukuti chiyani iwe wa chipewa chofiira, mdzukulu wa a Folopensi? Ukuti mwambiwu unaupeza m'buku la ku pulayimale, ndipo agogo ako ankaunena sola isanabwere m'dziko muno? Zamkutu! Bukulo linalipo pamene ndinkathyola mahamala atatu? Agogo akowo ndikuwadziwa bwino, anali munthu wakuba nkhani za eni ake zisanachitike n'komwe. Tenga njinga yako, kasitomala uyo akukuitana apoyo.